Chombo Chimene Achimwene Sanamange Okha

Achimwene anga anabwerako ku Ulaya chaka chimene ndinasamutsidwira ku sukulu ya kwathu, kufupi ndi Msakambewa. Anakhalako zaka khumi ndi zinayi. Anapita ali munthu wamphamvu, wokonda mpira ndi nthabwala, koma anabwera akukoka mwendo wakumanja, dzanja lakumanja litapindikira pachifuwa, mawu akutuluka amodziamodzi ngati akuchita kuwasankha. Sitiroko inawagwira ali pantchito. Ntchito yawo kumeneko inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakumbutsa mankhwala. Tsopano ofunika kusamalidwa anali iwo.

Bambo anali atatisiya kale. Pakhomo tinalipo ine ndi amayi basi. Achimwene anakalowa m'nyumba yawo ya malata imene tinawamangira iwo ali konko, chakumtunda kwa ya amayi, pamene munda umathera n'kuyamba miyala ya phiri. Nyumbayo inali itakhala zaka zisanu yopanda munthu. Tinaikolopa kangapo, koma fungo la simenti silinachoke.

Katundu wawo anafika patapita miyezi iwiri, pa lole yochokera ku Lilongwe. Anthu a m'mudzi anabwera, ena kudzathandiza kutsitsa, ena kudzangoona. Aliyense ankaganiza kuti m'makatoni akuluakuluwo muli filiji, mwina makina osokera. Koma makatoniwo anali opepuka modabwitsa. Titatsegula yoyamba tinapezamo nsanza ndi mapepala ambirimbiri, ndipo pakati pake panali chinthu chotuwa chimene panalibe wochidziwa dzina. Chinali chachitali ngati mkono wa munthu wamkulu, chamapiko opindikira kutsogolo ngati nyanga za ng'ombe. M'katoni ina munatuluka chamiyendo isanu ndi umodzi chonga chiwala. China chinali chozungulira, chaphwatalala, ngati lichero lovundikira. Zonse zinalipo zisanu ndi ziwiri, ndipo zonse zinali zopangidwa ndi tinjerwa tapulasitiki ting'onoting'ono, tolumikizana tokha popanda guluu.

Amayi anazungulira tebulo manja ali kumbuyo.

“Iwe, zaka zonsezi, n'kutibweretsera zidole?”

“Si zidole, amayi,” anatero achimwene. “Sizoseweretsa. N'zongoyang'ana.”

Mayi wina woyandikana nafe anayang'anitsitsa chozungulira chija, kenako n'kuyang'ana mnzake. Ndinaona ndithu, koma sindinalabadire.

Anthu atabalalika, achimwene anandifotokozera. Kuli mafilimu a anthu oyenda pakati pa nyenyezi, ndipo izi zinali zombo za m'mafilimu amenewo. Anthu akuluakulu amazigula m'makatoni zili zidutswazidutswa, n'kumazimanga okha milungu ingapo, kenako n'kuziika m'kabati. Anandionetsa pakona pa katoni ina pamene panalembedwa kuti n'za anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Mwini wake weniweni wa zombozo anali mzungu wina wokalamba amene achimwene anamusamalira zaka zisanu zomaliza. Pa unyamata wake anali injiniya wokonza sitima za pamadzi. Analibe mkazi, ndipo abale ake sankabwera. Zala zake zinali zitapindika ndi nyamakazi, choncho iye ankawerenga buku la malangizo n'kumasankha tinjerwa, achimwene n'kumadina. Atamwalira, kunapezeka kuti analembetsa kwa loya kuti zombo zonse zipite kwa achimwene.

“Nanga iyi?” ndinafunsa, ndikuloza katoni yaikulu kuposa zonse, imene inali isanatsegulidwe.

“Iyo tinali tisanayambe.”

Kalipentala wa ku Mponela anapanga kabati yagalasi, zombo zisanu ndi ziwiri zija n'kulowamo. Katoni yaikulu inakhala pansi pa bedi mpaka mwezi wa June.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinawapititsira tiyi, ndipo ndinapeza ataikokera okha pabalaza ndi dzanja limodzi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

“Undibwereke manja ako,” anatero.

M'katonimo munali timatumba tapulasitiki toposa makumi awiri, kalikonse kali ndi nambala yake, komanso buku lonenepa ngati la nyimbo za kutchalitchi. M'bukumo munalibe mawu. Munali zithunzi zokhazokha: tenga aka, ika apa, tenga aka, lowetsa umu. Pachikuto panali chombo chimene tinayenera kumanga, chachitali ngati bwato lovundikira, chokhala ndi mphete yaikulu pakati ndi mainjini atatu kumbuyo.

Tinagawana ntchito monga ankachitira ndi mzungu uja, kungoti achimwene anatenga malo a mzungu. Tinkakhuthulira thumba limodzi m'timbale ta tiyi, totuwa patokha, takuda patokha, tating'ono kwambiri patokha. Iwo ankayang'ana buku, n'kusankha kanjerwa ndi dzanja lamanzere, n'kundikankhira. Ine n'kudina mpaka kamveke kuti tha! Masiku oyamba zala zanga zazikulu zinatupa. Ndinkachita manyazi ndithu, mayi wa ana akuluakulu, mphunzitsi, kukhalira zimenezi madzulo onse mabuku a ana osachongedwa ali m'chikwama. Koma pofika thumba lachitatu ndinayamba kufulumira poweruka. Pamakhala kamtendere kena pamene kanthu kakulowa ndendende pamalo pake. Ndiponso achimwene, amene ankangokhala duu tsiku lonse, pa tebulo paja ankayankhula.

Pa tebulopo panali mipando itatu. Wawo, wanga, ndi wina kumapeto, cha kuwindo loyang'ana kuphiri. Mpando wachitatuwo unkakhala wotalikirako pang'ono ndi tebulo, monga umakhalira munthu akakhalapo. Ndikaukankhira m'kati posesa, mawa ndinkaupeza wabwerera. Kutsogolo kwake achimwene ankaikako kambale kamodzi kopanda kanthu. Ndinazindikiranso kuti tikatsegula tsamba latsopano, iwo ankayamba atembenuzira buku chakumpandoko, n'kudikira pang'ono, kenako n'kulibweza kwa iwo. Ndinati m'mtima n'chizolowezi cha zaka zisanu, sichingathe lero.

Tsiku lina ndinatopa kudikira, ndinangotola ndekha kanjerwa m'mbale. Achimwene sanali kundiyang'ana konse. Nkhope yawo inali kumpando kuja, mutu utapendekeka ngati munthu amene akumvetsera.

“Akuti si kameneko,” anatero.

“Akutero ndani?”

Anatembenuka, n'kundiyang'ana ngati ndawadzutsa.

“Ndati si kameneko.”

Ndinatambasula dzanja. Kanjerwako kanali ndi timitu titatu pamwamba. Buku linkafuna ka timitu tinayi.

Sindinauze amayi. Kwa masiku angapo ndinkakhala chopereka msana kuwindo, koma zimenezo zinali zoipa kuposa kuliyang'ana.

Chaka chimenecho kunazizira kwambiri. Nkhungu inkatsika kuchokera kumapiri a ku Ntchisi n'kukhala mpaka teni koloko, nthawi zina mpaka masana. Ukaima pakhomo pa amayi, nyumba ya achimwene sinkaoneka. Unkangoona kanjira kakulowa m'zoyera. Tambala akalira sunkadziwa kuti walirira mbali iti.

Lachinayi lina tinamaliza thumba lachisanu ndi chinayi. Ndikukumbuka bwino chifukwa ndine ndinapinda thumba lopanda kanthulo n'kuliika m'buku ngati chizindikiro. Lachisanu ndinapita ku msonkhano wa aphunzitsi ku boma la Dowa ndipo ndinabwera nditatopa, sindinakwereko kumtunda. Loweruka m'mawa nditalowa, ndinapeza matumba awiri otsatira ali pansi, opanda kanthu. Mphete yaikulu ija, imene tinali tisanaiyambe, inali itazungulira chombo, yathunthu.

“Achimwene, wamanga ndani apa?”

“Iwe unachedwa.”

“Ndikufunsa kuti wamanga ndani?”

“Takhala pansi. Tili pa thumba la 12.”

Ndinatenga tinjerwa tiwiri n'kuwapatsa. Ndinati alumikize ndione. Anayesa ndi dzanja lamanzere, akutsamiza patebulo. Kamodzi kanathawa n'kugwera pansi. Anandiyang'ana mwachisoni, ndipo ndinadzimvera manyazi. Koma mphete ija inkafuna manja awiri olimba, lina kugwira, lina kulowetsa timisomali tapulasitiki. Ndinaitembenuza mbali zonse ndikufanizira ndi buku. Panalibe polakwika ngakhale pamodzi.

Nthawi imeneyo n'kuti m'mudzi nkhani itayamba kale kuyenda. Ana a m'kalasi mwanga ndi amene anandifunsa, mosaopa, ngati n'zoona kuti amalume a kwathu ali ndi ndege. Anthu anasiya kudzera kanjira ka kuseri kwa nyumba popita kukatola nkhuni. Ankazungulira kutali, kudzera kudambo. Mayi uja anaona chozungulira tsiku loyamba ankauza anzake kuchigayo kuti munthu sangachoke Ulaya n'kubwera ndi lichero lapulasitiki popanda chifukwa. Wina anati m'mawa wina, m'nkhungu, anaona munthu wa mutu woyera mbuu atakhala pawindo. Achimwene analibe imvi ngakhale imodzi.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi kunabwera mkulu wa mpingo. Anali mlimi wa fodya, munthu wofatsa, ndipo anaphunzira limodzi ndi achimwene ku pulayimale. Sanabise chimene anadzera.

“Anthu akuyankhula, achimwene. Ndati ndidzaone ndi maso anga, kuti ndikawayankhe zimene ndaona.”

Achimwene anatsegula kabati. Mkuluyo ananyamula chamiyendo chija, n'kuchitembenuza, n'kuchinunkhiza. Kamwendo kamodzi katathothoka anadzidzimuka, koma nditakabwezera n'kumveka tha, anaseka mpaka kutsokomola.

“Ndiye ndege yake ndi imeneyi? Imeneyi singafike ngakhale ku Mtengowanthenga!”

Tonse tinaseka, achimwene omwe. Kenako mkuluyo anati tipemphere, n'kupita kumpando wa kuwindo kuti akhale.

“Osakhala pamenepo,” anatero achimwene. Mawuwo anatuluka msanga, osakoka, ngati a munthu amene sanadwalepo.

Mkuluyo anali atagwira kale mpandowo, dzanja lina pa chotsamira, lina pokhalira. Anaima choweramira choncho kwa kanthawi.

“Panali munthu apa?”

“Ayi,” ndinayankha ine. “Chifukwa chiyani?”

“Ndi pofunda.”

Kunja kunali nkhungu. Dzuwa linali lisanatuluke chiyambire m'mawa, ndipo ine manja ndinali nditawabisa m'juzi. Mkuluyo anapemphera ataimirira, pemphero lalifupi, ndipo anapempherera onse okhala m'nyumba muno. Anakauzadi anthu kuti waona mapulasitiki chabe, ndipo nkhani inazizirako. Koma iye sanakwerenso kunyumba kuja. Akafuna kuzonda achimwene ankafikira kwa amayi, n'kutuma uthenga kuti atsike.

Patapita sabata ndinali kutong'ola chimanga ndi amayi pakhonde. Ndinaona kuti akutong'ola ndi chikhatho, chala chachikulu atachitukula. Nditachigwira ndinapeza chatupa kunsonga, chili ndi timabala tozungulira. Ndinkatidziwa timabala timeneto. Ndinali nato inenso.

“Amayi! Ndinu?”

Anabweza dzanja lawo.

“Ukapita kusukulu mwana wanga amangokhala n'kumayang'ana zinthu zakezo, manja alibe. Ndikanatani?”

Ndinaseka mpaka misozi. Mtima unatsika, ndinamva kupepuka thupi lonse. Amayi amene ankati zidole, amayi a yunifolomu yoyera ya kumpingo, ndi amene anamanga mphete! Ndinati bwanji osandiuza, ine masiku onsewa tulo osaona.

“Ndikanakuuza ukanandiseka, monga ukuchitiramu.”

“Koma mwamanga bwino zedi. Buku lija mumaliona bwanji ndi maso anuwa?”

“Buku sindiliona. Timizere take n'tating'ono. Iye amandipatsa, n'kundilozera, ine n'kudina.”

Anatola chisononkho china n'kuchiponya mu dengu. Kenako anapitiriza, mawu awo ali chimodzimodzi, ngati akunena za mtengo wa sopo.

“Koma tsiku lija unapita ku boma, anagona. Atangomwa mankhwala a masana anagona pampando, kukamwa kuli yasa. Ine ndinati ndidikire adzuke. Ndikuyang'ana m'kambale kaja ka kuwindo, muli kanjerwa kamodzi. Ndinati mwina anaika asanagone. Ndinakatenga, ndinayesa apa, apa, kanalowa. Ndikuyang'ananso, muli kena.”

“Amayi.”

“Kamodzikamodzi. Sindinaone dzanja, usandifunse za dzanja. Ndikaweramira pa chinthucho kudina, podzuka ndimapeza muli kena. Ndikasowa poika, buku limakhala litatembenukira kwa ine, ndiye ndimayandikiza nkhope mpaka ndione. Tinafika nazo mpaka dzuwa kupendeka.”

“Simunaope?”

“Ndinaopa. Koma ndinaona kuti ndikathawa ndimusiya mwana wanga ali m'tulo.” Anatenga chimanga china. “Ndiponso munthu wake ndi waulemu. Sakufulumiza munthu.”

Mpaka lero sindidziwa chochita ndi mawu amenewa. Amayi sanali munthu wopeka nkhani. Nthano zomwe sankazikonda, ankati n'zotayitsa nthawi. Ndinayesa kuganiza kuti mwina achimwene sanagone kwenikweni, ankangowaseweretsa. Koma kambale kaja kanali kumbali ya dzanja lawo lakufa.

Sindinasiye kupita. Ndinaganizapo zosiya, koma nkhope ya achimwene ndikalowa inkandiletsa. Kungoyambira pamenepo amayi anasiya kubisala. Tinkakhala atatu, amayi pa mpando wa ndalema umene tinachokera nawo kumunsi, ndipo mpando wa kuwindo unkakhala momwemo. Polowa amayi ankati “Odi,” ngakhale achimwene ali panja. Tsiku lina ndinawaona akupukuta kambale kaja ndi nsonga ya chitenje asanakabwezere pamalo pake. Ine sindinaonepo kanthu ndi maso anga. Chimene ndinganene n'chakuti m'chipindamo simunkamveka ngati muli anthu atatu. Aliyense amene anaphunzitsapo amadziwa: ukhoza kulemba pa bolodi utapereka msana, koma umadziwa kuti pakhomo paima munthu.

Nkhungu inatha, kunabwera mphepo ya August ndi fumbi lake, kenako kutentha. Mapiri anayamba kufuka utsi wa moto wolusa. Chombo chinakula mpaka kudzaza tebulo, moti timbale tinkatiika pamiyendo. Thumba lomaliza tinalitsegula Loweruka lina kumapeto kwa September, m'mawa. Munali tating'onoting'ono tokhatokha: timagalasi ta mawindo, tinyali tofiira ta mainjini. Pomaliza panatsala kamodzi, kosalala, kotuwa, kotseka pamwamba pa chipinda cha woyendetsa. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse.

“Ayi,” anatero achimwene. “Aka si kako.”

Anadzuka, anatsamira ndodo, anazungulira tebulo mpaka kuwindo, n'kuika kanjerwako m'kambale. Ndinakamva kakugwera, kuti ngwe.

“Tiyeni panja.”

Tinatuluka tonse atatu, iwo pambuyo. Chitseko anachisiya chotsegula. Tinaima pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili pamutu, mithunzi yathu ili kumapazi. Nyenje zinkalira kuphiri. M'mudzi monse munali zii, chifukwa anthu ambiri anali ku chinkhoswe tsidya la dambo. Kuchokera pamene ndinaima ndinkaona mbali ya tebulo ndi mchira wa chombo, koma mpando sunkaoneka. Ndinatchera khutu kuti ndimve tha. Sindinamve kanthu. Amayi milomo inkagwedezeka, akupemphera chamumtima.

Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Kenako achimwene anati, “Basi.”

Ndinalowa ndine woyamba. M'kambale munalibe kanthu. Ndinathamangira kuyang'ana pamwamba pa chombo, ndipo pamalo paja panali posatseka, timitu tinayi tili poyera. Kanjerwako sikanali m'mbale, sikanali pachombo. Madzulo ake ndinasesa chipinda chonse, ndinasefa zinyalala ndi manja, ndinapisa m'matumba a buluku la achimwene pochapa. Sikanapezeke.

Koma nthawi imeneyo sindinathe kufunafuna, chifukwa nditatembenuka ndinaona achimwene akuyenda kulowera kumsewu.

“Mukupita kuti dzuwa limeneli?”

“Ndikuwaperekeza.”

Amayi anandigwira mkono kuti ndisawaletse. Ndinawatsatira chapatali. Kanjira ka kwathu n'kakang'ono, ka munthu mmodzi, koma iwo ankayenda m'mphepete, ndodo ikulowa m'maudzu ouma, pakati pa njira atapasiya. Ankayankhula Chingerezi chapansipansi, n'kumaima, n'kumaloza ndi ndodo: uko chigafa cha fodya, uko sukulu, uko phiri. Pena ankaseka. Chibwerereni anali asanayendepo mtunda wotero. Anadutsa manda a kwathu, anadutsa mjigo, mpaka pa mtengo wa msuku pamene kanjira kamakumana ndi msewu wafumbi. Pamenepo anaima. Anakoleka ndodo pamkono wakufa, n'kutambasula dzanja lamanzere kutsogolo, n'kuligwedeza kawiri. Kenako anaima n'kumayang'ana msewu, mutu ukutembenuka pang'onopang'ono chakumpoto, mpaka pamene msewu umakhotera kuseri kwa chulu.

Nditafika ndinawapeza akulira. Ndinawakhazika pamuzu wa msuku.

“Ine ndi agogo achizungu aja tinapangana kuti titsegula katoni ija Lolemba,” anatero. “Anaigula okha, ya tsiku lawo lobadwa. Lolemba m'mawa mnzanga anandiimbira kuti kuli phwando la Amalawi m'tauni ina. Ndinapempha tchuthi. Ndinawauza agogo aja kuti ndikudwala mutu.”

Anapukuta mphuno ndi mkono.

“Lachiwiri ndinawapeza pampando. Anali atayala timbale patebulo. Katoni ili pamiyendo, sizasi ili m'manja. Zala zawo sizikanatha kudula tepi. Adokotala anati anapita Lolemba madzulo.”

Ndinangowagwira dzanja lakufalo, limene ankadana n'kuti munthu aligwire, ndipo sanalibweze.

“Sitiroko inandigwira patangotha milungu itatu,” anatero. “Sindinauzepo munthu.”

Tinakhala pamenepo mpaka kunadutsa wakabaza, amene anawakweza kubwerera kunyumba. Ine ndinayenda wapansi. Kanjira konse ndinayenda m'mphepete, ndipo ndinazindikira zimenezi nditafika kale pa mjigo.

Mawa lake ndinapeza mpando wa kuwindo atawukankhira pansi pa tebulo, kambale kali pa thandala pamodzi ndi tinzake. Patapita masiku amayi anakhalapo, posankha nyemba, ndipo achimwene sanawaletse. M'chipindamo munangokhala ngati m'chipinda china chilichonse. Ndinadabwa kuona kuti ndikusowa kanthu kena.

Achimwene anakhala nafe zaka zina ziwiri. Mawu awo anamasukako, anayamba kutsika okha kudzadya kwa amayi, ndipo Loweruka ankapita kukaonera mpira wa anyamata pabwalo la sukulu, n'kumakalipira oyimbira ngati kale. Za mzungu uja sanazitchulenso. Sitiroko yachiwiri inawapeza nthawi ya dzinja, akuyang'anira aganyu opalira chimanga. Tinathamangira nawo kuchipatala, anamwino anayesetsa, koma pa tsiku lachitatu anatisiya.

Chaka chotsatira nyumba ija tinalowetsamo mlangizi wa zaulimi amene anatumizidwa kudera kwathu. Mkazi wake ataona kabati anapempha mwaulemu kuti tiichotse. Anati ana ake ndi osamva, angaswe. Zombo zisanu ndi ziwiri zija ndinazitsitsa ndekha, chimodzichimodzi, m'beseni. Chachikulu chija sichikanalowa m'beseni kapena m'wilibala. Tinazula chitseko cha kukhitchini, tinayalapo bulangete, n'kuchigoneka pamenepo. Amayi anachifunditsa chitenje kuopa fumbi. Ananyamula amuna anayi, mlangizi uja ndi aphunzitsi anzanga atatu, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha kutsetsereka. Ine ndi amayi tinkatsatira pambuyo.

Pamene kanjira kamadutsa m'munda tinakumana ndi anthu ochokera kumsika. Azimayi anatula madengu n'kupatuka, n'kugwada m'mphepete mwa njira. Bambo wina wachikulire anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Mmodzi wa aphunzitsi aja anafuna kuseka kuti awafotokozere, koma amayi anamuyang'ana, ndipo anatseka pakamwa. Tinadutsa choncho, mwakachetechete, mpaka kunyumba kwathu kumunsi.

Polowa pakhomo chitseko chija chinagunda mphuthu, injini imodzi n'kuthothoka, n'kumwazikira pakhonde. Tinatola tinjerwa tonse timene tinationa. Ndinatiika m'chitini cha majarini, ndipo chitinicho chili pamwamba pa kabati. Buku ndili nalo, tsamba lake ndikulidziwa. Ana anga akabwera pa tchuthi amandifunsa kuti tikonze, ine ndimati tidzakonza tsiku lina ndikadzapuma pantchito.